Minibasi Yopanda Anthu Sinyamuka: Zomwe Zikupha Magemu Atsopano Owomberana

Pa 23 Ogasiti 2024 kampani ya Sony inatulutsa gemu yowomberana ya pa intaneti yotchedwa Concord. Pa 6 Seputembala chaka chomwecho inathimitsa maseva ake n'kubweza ndalama kwa onse amene anaigula. Gemuyi inakhala ndi moyo masabata awiri okha, chonsecho mmodzi mwa amene anaipanga ananena kuti ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 8. Pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, chiwerengero cha anthu osewera nthawi imodzi chinakathera pa 697. Anthu amenewa mukhoza kuwalowetsa m'holo imodzi ya pa koleji. Pa 29 Okutobala Sony inalengeza kuti ikutseka Firewalk Studios, situdiyo imene inapanga gemuyi, yomwe inali itangoigula mu 2023. Ndiye mu Disembala, mwambo wa maliro utatha kalekale, Amazon inaonetsa katuni ya nkhani ya Concord m'pulogalamu ya Secret Level, ngati chikwangwani chotsatsa malonda cha golosale imene inagwa kale.

Mukafunsa chimene chinachitika, yankho limene limabwera msanga ndi loti msika wadzaza. Olemba nkhani za magemu amatero, akuluakulu a makampani amateronso. Ine yankho limeneli limandikwiyitsa. Muli choonadi pang'ono mmenemo, koma limamveka ngati chilala kapena namondwe, tsoka longogwa lokha limene palibe analiitana. Maganizo anga ndi akuti magemu amenewa akufa chifukwa akupempha chinthu chimene osewera anapereka kale kwa ena, ndicho madzulo awo onse pamodzi ndi anzawo onse. Mabwana a makampaniwa akudziwa bwino lomwe zimenezi, koma akubetchabe, poti akaluza olipira sakhala iwo.

Manda ake ndi aakulu

Concord inatchuka chifukwa chofa msanga, koma kumandako inapeza anzake ambiri. Battleborn ya kampani ya Gearbox inatuluka mu Meyi 2016, kutangotsala milungu itatu kuti Overwatch ituluke. Sinadzukenso, ndipo maseva ake anatsekedwa mu Januwale 2021. LawBreakers, yopangidwa ndi situdiyo ya Cliff Bleszinski, katswiri amene anatchuka ndi Gears of War, inatuluka mu Ogasiti 2017. Situdiyoyo inatsekedwa mu Meyi 2018, gemu n'kuthimitsidwa mu Seputembala. Amazon, ndi chuma chake chonse, inatulutsa Crucible mu Meyi 2020, inaichotsanso pamsika patapita milungu yochepa, ndipo pofika Okutobala inalengeza kuti yaisiya. Ubisoft inayesa ndi Hyper Scape mu 2020, n'kuitseka mu Epulo 2022. Inayesanso ndi XDefiant mu Meyi 2024, gemu yaulere imene inakopa anthu mamiliyoni m'masiku oyamba, koma mu Disembala chaka chomwecho inalengeza kuti ikuipha, ndipo maseva anathima mu Juni 2025. Hyenas ya Sega sinaone n'komwe dzuwa. Anaithetsa mu Seputembala 2023 isanatuluke.

Taonani mayinawo: Sony, Amazon, Ubisoft, Sega. Awa si anyamata ongophunzira ntchito. Ali ndi ndalama, akatswiri ojambula, ndi madipatimenti athunthu ofufuza za msika. Gemu imodzi ikagwa tikhoza kunena kuti ndi tsoka. Koma zikamachitika chaka ndi chaka, kwa makampani osiyanasiyana, m'njira yofanana, ndiye kuti vuto lili m'kaganizidwe kamene kakubala magemuwa.

Gemu imene imafuna anthu ena kuti ikhale gemu

Buku likhoza kukhala ndi owerenga khumi okha padziko lonse, koma aliyense wa iwo adzaliwerenga lonse mpaka tsamba lomaliza. Chimodzimodzinso gemu yosewera wekha. Gemu yowomberana ya pa intaneti ndi yosiyana, chifukwa chinthu chachikulu chimene imakugulitsa ndi anthu ena. Adani ako ndi anthu, anzako a m'timu ndi anthu. Akachoka, chimene watsala nacho ndi mapu okongola opanda kanthu.

Aliyense amene anakwerapo minibasi pa depoti akudziwa mmene izi zimayendera. Ukafika, suyang'ana kuti minibasi yatsopano ndi iti kapena ya mipando yofewa ndi iti. Umayang'ana imene yatsala pang'ono kudzaza, chifukwa ndi imene inyamuke. Yopanda anthu imakhalabe yopanda anthu, ndipo awiri atatu amene anakweramo akatopa kudikira amatsika n'kukalowa ina. N'chifukwa chake oitanira amakhala m'mipando kunamizira kuti ndi apaulendo. Magemu nawo amachita zomwezo: PUBG Mobile imadzaza masewero a ongoyamba kumene ndi adani oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo Fortnite inayamba kutero mu 2019.

Tiyeni tiwerengere. Concord inali ya anthu asanu kulimbana ndi asanu. Kuti sewero limodzi liyambe pamafunika anthu 10 amene ali pa intaneti nthawi yomweyo, amene asankha mtundu womwewo wa sewero, amene ali pafupi ndi seva imodzi, komanso amene luso lawo n'lofanana. Tengani anthu mazana ochepa, muwagawe ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, kumene ena akugona pamene ena akudzuka. Muwagawenso m'mitundu ya masewero. Muwagawenso potengera luso. Otsala mumzere uliwonse ndi owerengeka pazala. Zikatero kompyuta yogawa osewera imatsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa: kukudikiritsa mphindi zambiri, kapena kukuponya kwa madolo amene akuphe usanaone n'komwe komwe chipolopolo chachokera. Wongoyamba kumene akaphedwa choncho kangapo amachoka osabweranso. Akachoka mzere umatalika, ndipo mawa lake wina amachokanso.

Choipa kwambiri n'choti masiku ano zonsezi zimachitikira poyera. Tsamba la SteamDB limaonetsa chiwerengero cha osewera ola lililonse. Tsiku loyamba likangoipa, pofika madzulo YouTube yonse ikulengeza kuti gemu yafa, ndipo amene amafuna kuigula amabweza ndalama m'thumba. Ndani angakwere minibasi imene depoti yonse ikuiseka kuti sinyamuka?

Nkhondo yeniyeni ndi ya nthawi

Amene amati msika wadzaza amakonda kutchula kuchuluka kwa magemu. N'zoona kuti mu 2024 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 18,000. Koma Concord sinaphedwe ndi magemu 18,000 amenewo. Inaphedwa ndi magemu ochepa chabe, akalekale, amene anthu sakufuna kuwasiya. Kampani yofufuza za msika ya Newzoo inapeza kuti mu 2023, pafupifupi 60 peresenti ya nthawi imene anthu anathera pa magemu a pa kompyuta ndi pa makina monga PlayStation ndi Xbox inapita ku magemu amene anali atatha zaka 6 kapena kuposerapo. Counter-Strike inayamba mu 1999, ambiri a ife tisanabadwe, koma mpaka lero imakhala pamwamba pa Steam pafupifupi tsiku lililonse. Rainbow Six Siege ndi ya 2015. PUBG ndi Fortnite Battle Royale ndi za 2017. Apex Legends ndi ya 2019, Warzone ndi Valorant za 2020.

Magemu amenewa sanangokhalitsa mwamwayi. Anapangidwa dala kuti asathe. Chida chachikulu ndi chimene amachitcha battle pass, chomwe Fortnite inachitchukitsa kuyambira Disembala 2017. Umalipira kandalama kochepa, kenako amakupatsa milungu yowerengeka kuti ukwere masitepe n'kutenga mphoto zimene walipira kale. Ukajomba masiku ambiri, nyengo imatha ndipo mphotozo zimapita. Amawonjezeranso ntchito za tsiku ndi tsiku ndi za pa sabata. Kunena mosabisa, imeneyi ndi ntchito yachiwiri, yosiyana ndi yoyambayo pongoti iweyo ndi amene ukulipira bwana. Ndiye tandiuzeni, wophunzira amene ali ndi makalasi, maasayimenti ndi mayeso, kapena wogwira ntchito amene amafika kunyumba dzuwa litalowa, angakwanitse ntchito zoterezi zingati? Imodzi basi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Pamwamba pa nthawi pali chuma chimene munthu wasonkhanitsa m'gemumo. Zovala ndi mfuti zokongoletsedwa, zomwe amazitcha ma skin, sizisamuka kupita ku gemu ina. Mu Counter-Strike zinthuzi zakhala zikugulitsidwa ndi ndalama zenizeni pakati pa osewera kuyambira 2013. Palinso luso. Munthu amene wathera zaka zinayi kuphunzira ngodya iliyonse ya mapu, mmene mfuti iliyonse imagwedezekera, malo amene adani amakonda kubisala, ukamuuza kuti asamuke ukumuuza kuti asiye udolo wake akakhalenso mwana wa sitandade 1.

Chomangira chachikulu kuposa zonse ndi anzako. Mukumbukira Januwale 2021, WhatsApp italengeza malamulo atsopano okhudza zinsinsi za ogwiritsa ntchito? Anthu ambiri anathamangira ku Signal ndi Telegram. Patapita milungu yochepa ambiri anabwerera, chifukwa amayi, gulu la kalasi ndi gulu la kumpingo onse anatsala ku WhatsApp. Magemu owomberana nawo ali choncho. Kampani ikafuna kukukopa iwe, iyenera kukopanso anzako atatu kapena anayi amene umasewera nawo, onse pa sabata imodzi. Mmodzi akangoti alibe ndalama kapena kompyuta yake siingakwanitse, timu yonse imabwerera kwawo kwakale.

Madola 40 pamsika wa zaulere

Apa ndi pomwe ndimadabwa ndi kulimba mtima kwa Sony. Concord inali pa mtengo wa madola 40. Nthawi imeneyo Fortnite Battle Royale, Apex Legends, Valorant ndi Warzone zinali zaulere chiyambire. Counter-Strike inakhala yaulere mu Disembala 2018, PUBG mu Januwale 2022, ndipo Overwatch, gemu imene Concord inafanana nayo kwambiri, inakhala yaulere mu Okutobala 2022. Timu ya anthu asanu inkayenera kusonkha madola 200 kuti ingolawa chinthu chofanana ndi chimene ili nacho kale osalipira.

Tikaziyang'ana tili kuno kwathu zimaoneka bwino kwambiri. Madola 40 ndi ndalama zambiri, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku, ngakhale amene ali nazo amavutika kulipira pa intaneti. Ukatha apo uyenera kutsitsa magigabayiti makumimakumi pa bandulo imene ukuiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Kenako pali mtunda. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kuti ikafike ku nthambo za pansi pa nyanja. Seva ikakhala ku Ulaya, uthenga wochoka pa chala chako kupita kumeneko n'kubwerako umatenga mamilisekondi oposa 150. M'gemu yowomberana imeneyo ndi imfa: ukamaona mdani, iye anakuwombera kale. Ndipo gemu ikayamba kuchepa anthu, oyamba kuvutika ndi ife akutali, poti kompyuta imasowa anthu apafupi oti itiphatikize nawo.

N'chifukwa chake m'mahositelo mwathu mumamveka Free Fire, PUBG Mobile ndi Call of Duty Mobile. Garena inapanga Free Fire mu 2017 ikuganizira mafoni otsika mtengo, ndi masewero a anthu 50 otha m'mphindi pafupifupi 10. Inayang'ana anthu amene makampani akuluakulu sankawawerengera, ku Brazil, ku Indonesia ndi kwina, n'kuwapeza ali mamiliyoni. Ndiye munthu akamati msika wadzaza ndimafuna kumufunsa kuti msika wake uti. Umene wadzaza ndi wa mnyamata wa ku America kapena ku Ulaya wokhala ndi PlayStation 5 ndi intaneti yothamanga, amene makampani onse akumulimbirana ngati padziko palibenso munthu wina.

Zifukwa zimene sindikuzivomereza

Pali gulu la pa intaneti limene linasangalala ndi imfa ya Concord, likumati gemuyi inafa chifukwa inadzaza akazi, anthu akuda ndi anthu ooneka mosiyana ndi ngwazi zimene tinazolowera. Mfundo imeneyi ndi yaulesi. Apex Legends, Valorant ndi Overwatch zili ndi ngwazi za mitundu yonse, akazi ambiri, Aafirika, Aasiya, ndipo zikupanga ndalama zankhaninkhani. LawBreakers, Hyper Scape ndi XDefiant zinafa popanda mkangano woterewu. Ndikuvomereza kuti ngwazi 16 za Concord sizinakope maso, ndipo m'gemu yotere maonekedwe ndi mbedza yoyamba. Koma kulephera kujambula munthu wosaiwalika ndi vuto la luso. Kusandutsa zimenezi kukhala umboni woti osewera amadana ndi khungu lakuda kapena akazi ndi kunamizira anthu mamiliyoni maganizo a kagulu kochepa kaphokoso.

Ena amati magemuwa amafa chifukwa ndi oipa basi. Izinso sizikwanira. Ambiri amene anasewera Concord ananena kuti kuwombera kwake kunali bwino ndipo gemu inkayenda mosavuta. LawBreakers inayamikiridwa ndi olemba ndemanga. Vuto n'loti kukhala bwino sikokwanira ngati ukupikisana ndi gemu imene yakhala ikukonzedwa kwa zaka 8, imene ili ndi mapu makumi ndi ngwazi zambirimbiri. Gemu yatsopano imabwera ngati khanda, koma amaiyerekeza ndi munthu wamkulu tsiku lomwelo lobadwa.

Tsono wina anena kuti ngati zili choncho ndiye palibe gemu yatsopano imene ingapambane. Ayi, zilipo, ndipo ndi zimene zikutsimikiza mfundo yanga. Helldivers 2 inatuluka mu Febuluwale 2024, yofalitsidwa ndi Sony yomweyo, pa mtengo womwewo wa madola 40, chaka chomwecho. Inagulitsa makope 12 miliyoni m'masabata 12. Kusiyana kwake n'kotani? Mu Helldivers 2 anthu anayi amathandizana kulimbana ndi adani a kompyuta. Minibasi yake imanyamuka ndi anthu anayi, ngakhale mmodzi. Wongoyamba kumene sachititsidwa manyazi ndi madolo, ndipo nthabwala zake zoseka nkhondo ndi utsogoleri wankhanza sizinkapezeka kwina. Apex Legends inatuluka modzidzimutsa mu Febuluwale 2019, yaulere, ili ndi njira yolozerana zinthu popanda kulankhula imene ena anaikopera pambuyo pake, ndipo inapeza osewera 50 miliyoni m'mwezi umodzi. Marvel Rivals ya NetEase inatuluka mu Disembala 2024, patangotha miyezi itatu Concord itafa, ndipo ndi ya mtundu womwewo. Inapeza osewera 10 miliyoni m'masiku atatu. Inali yaulere, inabwera ndi Spider-Man ndi Iron Man amene anthu akhala akuwakonda kuyambira m'ma 1960, komanso inapeza osewera ambiri a Overwatch atakhumudwa ndi malonjezo amene Blizzard inalephera kukwaniritsa.

Gemu iliyonse mwa zimenezi inali ndi yankho la funso limene wosewera aliyense amafunsa: ndisiyirenji imene ndili nayo? Zimene zinafa zija zinalibe yankho. Zinkangoti nafenso tabwera.

Juga ya mabwana

Nanga n'chifukwa chiyani makampani anzeru akupitiriza kupanga magemu opanda yankho? Zikalata zimene zinatuluka pa mlandu wa Epic Games ndi Apple zinaonetsa kuti Fortnite inapanga ndalama zoposa madola 9 biliyoni m'zaka ziwiri zokha, 2018 ndi 2019. Chiwerengero chimenechi chinazunguza mitu ya mabwana onse. Gemu yosewera wekha imagulitsidwa kamodzi, pamene gemu ngati Fortnite ndi ng'ombe imene imakamidwa mwezi uliwonse. Kumayambiriro kwa 2022 Sony inalengeza kuti ikugula Bungie, opanga Destiny, pa madola 3.6 biliyoni, ndipo inauza eni masheya kuti ikufuna kutulutsa magemu oposa 10 a mtundu wosathawu pofika Malichi 2026.

Taganizirani bwino chiwerengero chimenecho. Kampani imodzi, magemu oposa 10, iliyonse yofuna madzulo onse a wosewera. Ngakhale Sony ikanakhala yokha pamsika, magemu akewo akanadyana okhaokha. Palibe amene ankakhulupirira kuti onse apambana. Nzeru yake inali ya wobetcha mpira amene amagula matikiti ambiri akudziwa kuti ochuluka apsa, bola imodzi ilowe ibweze zonse. Kwa bwana wokhala ndi matikiti khumi zimenezi zikhoza kuoneka zanzeru. Koma tikiti iliyonse ndi situdiyo ya anthu, ojambula, olemba mapulogalamu, oimba, oyesa gemu, amene athera zaka za unyamata wawo pa ntchito imodzi.

Zotsatira zake taziona. Naughty Dog inasiya gemu ya pa intaneti ya The Last of Us mu Disembala 2023, itazindikira kuti kuisamalira kukanameza situdiyo yonse kwa zaka zambiri. Mu Febuluwale 2024 Sony inalengeza kuchotsa anthu pafupifupi 900 ndi kutseka London Studio, imene inkapanga gemu ya pa intaneti. Firewalk inatsatira. Ubisoft itapha XDefiant inatseka masitudiyo ake a ku San Francisco ndi Osaka, ndipo anthu oposa 270 anachotsedwa ntchito. M'makampani a magemu onse pamodzi, anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito mu 2023, ndipo mu 2024 chiwerengero chinaposa pamenepo. Amene anasankha mtengo wa madola 40, amene anavomereza kuthamangira mtundu wa gemu umene unatchuka mu 2016, kawirikawiri ndi omwewo amene amasayina kalata yotseka situdiyo, n'kuthokoza antchito chifukwa cha khama lawo.

Palinso vuto la nthawi limene ndalama sizingathetse. Gemu yaikulu masiku ano imatenga zaka 5 kapena kuposa. Ukaona chimene chatchuka lero n'kuyamba kuchikopera, udzafika phwando litatha, mbale atatsuka. Ndipo mbiri ikutiuza kuti maganizo atsopano m'magemu owomberana sachokera m'zipinda za misonkhano. Counter-Strike inapangidwa ndi anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, posintha gemu ya Half-Life. Mtundu wa sewero loti anthu ambiri amenyane mpaka atsale mmodzi unakula kuchokera ku zoyesayesa za Brendan Greene pa magemu a Arma, asanapange PUBG. Team Fortress, gogo wa Overwatch ndi Concord, inayamba mu 1996 ngati zosintha za anyamata atatu pa gemu ya Quake. Zonsezi zinayamba zazing'ono, zotsika mtengo, ndipo zinapatsidwa nthawi yoti zikule. Gemu imene yadya ndalama zambirimbiri ilibe mwayi umenewo. Iyenera kudzaza sitediyamu tsiku loyamba, apo ayi amaipha.

Wogula naye amaluza

Sony inachita bwino kubweza ndalama za Concord, koma nthawi zambiri sizitero. Gemu ya pa intaneti ikathimitsidwa, chimene unagula chimasanduka chithunzi chosatsegulika pa kompyuta yako. Kaseti ya gemu ya m'ma 1990 ikugwirabe ntchito lero, pamene Battleborn, imene anthu anaigula pa mtengo wathunthu mu 2016, singaseweredwe mwalamulo paliponse, ngakhale mbali yake yosewera wekha. Monga wophunzira za chikhalidwe ndi mbiri, zimenezi zimandipweteka pazokha. Ntchito ya zaka zambiri ya ojambula ndi oimba imafufutidwa, ndipo wofufuza wa zaka 30 zikubwerazi adzangopeza timavidiyo ta pa YouTube.

Kufufuta kumeneku kukubwezeranso makampani omwewo. Wosewera amene anapsapo kamodzi amaphunzira kudikira kuti aone ngati gemu yatsopano ikhalitse. Aliyense akadikira, tsiku loyamba limakhala lopanda anthu, ndipo gemu imafa chifukwa cha mantha oti ifa. Makampani anaphunzitsa okha makasitomala awo kusawakhulupirira. Ubisoft itathimitsa gemu ya magalimoto ya The Crew mu 2024, Ross Scott anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yofuna lamulo loti kampani ikasiya gemu iisiye ili yoti anthu angathe kuiseweranso paokha. Pofika Julayi 2025 pempho lake ku European Union linali litasayinidwa ndi anthu oposa 1 miliyoni. Zimene akupempha si zachilendo. Magemu akale ngati Quake ndi Counter-Strike yoyamba ankalola osewera kukhazikitsa maseva awoawo, ndipo n'chifukwa chake akadali ndi moyo. Ife akutali ndi Ulaya tikanapindula kwambiri ndi ufulu umenewo, poti gulu la ophunzira likanatha kuyendetsa seva yawo pa netiweki ya pa sukulu, popanda kudikira chifundo cha kampani ya ku Tokyo kapena ku Paris.

Choncho kwa opanga magemu pempho langa ndi losavuta. Pangani gemu imene ingakhale ndi moyo ndi anthu 5,000, imene siikufuna 5 miliyoni kuti ibweze ndalama. Pangani gemu imene ndingaisewere Loweruka lokha osalangidwa chifukwa chojomba Lachiwiri. Mukatopa nayo, tisiyireni makiyi. Ndipo kwa ife osewera, makamaka amene timalemba ndi kukangana za zinthuzi, tisiye kubwereza mawu oti msika wadzaza ngati kuti ndi nyengo. Situdiyo ina ikadzatsekedwanso, tidzafunse mafunso amene timafunsa pa nkhani ina iliyonse ya ndalama ndi mphamvu: anavomereza bajeti ndani, anasankha mtengo ndani, ndipo pa anthu onsewo, wachotsedwa ntchito ndani?